Mbalame Yachiwiri

Ndimachapa nsalu za chipatala usiku,
m'chinyumba chamalata ku Booysens,
momwe makina khumi ndi awiri amalira mpaka mbandakucha.
Zofunda zimabwera m'matumba ofiira,
zamagazi, zamafinya,
za anthu amene sindidzawadziwa maina.
Dzanja lililonse ndimaliveka magolovesi awiri.

Lamulungu, m'holo yobwereka ku Rosettenville,
abusa anatiwerengera za ansembe akale:
za phulusa la ng'ombe yofiira,
za madzi a pakasupe m'mbale yadothi,
za mbalame ziwiri, ina yophedwa,
ina yoviikidwa m'magazi a inzake
n'kutayidwa kuthengo ili yamoyo.
Anati zonsezo zinatha, Mwanawankhosa analipira.
Tinavomera ameni. Inenso ndinavomera,
koma fungo la jiki linali lidakali m'zala zanga.

Ochapa timadziwa zimene oyera m'manja sadziwa:
kuti nsalu iyere, pali madzi amene amada.
Pali msana umene umawerama.

Wansembe uja, akuti, sankadikira paguwa.
Ankatuluka yekha kunja kwa msasa
kukaona khungu la wodwala ndi maso ake.
Ife Lufeyo wa ku Ntcheu wagona masabata asanu
m'kachipinda kuseri kwa galaja ku Turffontein,
akulavulira zofiira m'chitini,
ndipo tamutumizira mapemphero pafoni,
timanja tachikasu tija, makumi atatu.
Mabulauzi athu a Chigwirizano ali mbee,
osakhudzidwa ndi kanthu.

Za mbuzi yosenza machimo musandiphunzitse.
Mapazi ake ndimawadziwa.
Tsiku lija mzinda unasanjika manja pamitu pathu,
n'kuulula ulova wake, njala yake, ngongole zake,
n'kutipirikitsa ndi utsi wa matayala,
ndinathawa ndi nsapato imodzi.
Ndiye mukanati ine, mwa anthu onse ine,
sindingasiye munthu m'chipululu.
Koma Lufeyo anandibwereka marandi mazana atatu
chaka chatha, osabweza,
ndipo ndawerengera chifuwa chake pa ngongoleyo.

Akale ankalowa m'khola n'kusankha yonenepa,
imene mwana wao anaipatsa dzina.
Ine m'mbale ya chopereka ndimaponya
chenje yotsala paminibasi,
n'kuimba mokweza kuti isamveke kulira kwake.

Lero ndaweruka sikisi koloko.
Chisanu cha Juni chikuluma makutu,
ndipo tulo tikundikoka ngati mwana wofuna bere.
Tulo timeneti ndito nkhosa yanga yopanda chilema;
ndilibe china.
Ndanyamula beseni, sopo wobiriwira,
thaulo limene ndinkasungira ulendo wa kumudzi.
Ndawiritsa madzi m'ketulo ya eni nyumba.
Pakhomo ndinaima, magolovesi ali m'thumba.
Ndawasiya momwemo.

Nthiti zake zikuwerengeka.
Anati, “Mlongo, ndalama zija…”
Ndinati, “Tembenuka, ndikutsuke kumsana.”
Madzi anada. Ndinakataya, n'kutunga ena.
Mawa tipita kuchipatala,
mwina adzagonera nsalu yochapa ine.

Sindine wansembe. Sindinaphe kalikonse.
Yophedwayo inaphedwa kale, abusa sananame.
Ndangokankha zenera lochita dzimbiri
kuti mpweya ulowe,
ndipo nkhunda yakuda ndi utsi wa m'tauni
inadzidzimuka padenga la galaja,
n'kuuluka cha ku milu yachikasu ya migodi,
ngati yodziwa kuti moyo uli m'mapiko akewo
pali wina anaulipirira.