Malo Atha ku Kasungu

Basi inanditula pa depoti dzuwa litalowa kale,
mphepo ya mwezi wa Juni ikununkha fodya.
M'thumba la jekete munali ndalama za penshoni
ndi kapepala kolembapo liwu limodzi: Lifupa.
Zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndinkajambula njovu pa bolodi ku Migowi,
ana akuseka chitamba changa chokhota,
koma ine mwini njovu sindinaionepo.

"Kabaza, madala! Kabaza!"
Anandiunjirira ngati ntchentche pa bango lakupsa.
Ndinasankha amene sanakuwe,
mnyamata wa nsapato zosiyana,
njinga yake yolembedwa kumbuyo kuti Zidzatha.
Dzina lake, akuti, ndi Lufeyo.

Resitihausi yoyamba, kuseli kwa msika,
mayi wa pa kauntala sanadzutse n'komwe mutu:
"Malo atha."
Yachiwiri: geti lachitsulo, galu, mawu omwewo.
Yachitatu anandionetsa chipinda chopanda loko,
matiresi opyapyala ngati mkeka,
khoma likunjenjemera ndi nyimbo za m'bala.
Ndili mkati moganiza,
mlimi wina wa chipewa chatsopano
anaponya ndalama kuwirikiza mtengo wake
nalowa, nsapato zili kuphazi.

"Ndi nyengo ya okushoni," anatero Lufeyo akupalasa.
"Ku Chinkhoma kwagwa ndalama.
Sabata ino aliyense ndi bwana,
mudzawaone Lolemba."

Tinadutsa zigayo zotseka,
achiwaya akukokota mafuta otsala,
alonda akuwotha makatoni pakhonde la sitolo.
Phiri lija ndinkaliloza pa mapu
linangoti bii kumbali kwathu, ngati ng'ombe yogona.

Ku loji ya kapinga wometa ndi magetsi a jenereta
malo analipo.
Mtengo wake: thumba lathunthu la feteleza, usiku umodzi.
Ndinathokoza mwaulemu wauphunzitsi
n'kutuluka chafutambuyo.

Pachitunda ndinatsika, tinakankha njinga tonse awiri.
Anafunsa chimene ndadzera kutali konseku.
Ndinamuuza, chifuwa chili patsogolo.
Anangoti zii,
tcheni chokha chikulankhula.
Kenaka: "Kwathu ndi kwa Chulu, m'malire a paki.
Zinabwera usiku umodzi, zinayi ndi kamwana.
Tinaimba zitini, tinayatsa moto,
tinafukiza tsabola mpaka tinalira tokha.
Kutacha, munda unali bwalo la mpira.
Njinga mukukankhayi ndi mbuzi zitatu za amayi."

Ndinakumbukira choko changa chikulemba:
Njovu ndi chuma cha dziko lathu.
Mwana akayankha choncho ndinkamuchonga,
malikisi awiri.

Ola la khumi litadutsa anaima, napukuta thukuta.
"Madala, tauni yatha.
Kwatsala kwanga, ku Chankhanga,
ngati simunyansidwa ndi utsi wa koloboyi."

Chipinda chimodzi, chitseko cha malata,
mphasa, bulangete lonunkha girisi,
ndowa, poto, mpope wa njinga pamsomali.
Ndinatulutsa ndalama, anatenga za ulendo zokha,
zinazo anandibwezera m'manja:
"Musunge. Pageti la paki amalipiritsa."
Iye anabwerera ku depoti
kukadikira basi ya pakati pa usiku yochokera ku Mzuzu.

Ndinagona chagada, jekete kumutu.
Pakhoma, pamene njerwa zinang'aluka,
anamatapo kalendala ya chaka chapita
yotchinga mphepo.
Koloboyi akuphethira, ndinaiona bwinobwino:
makutu ngati malichero, minyanga yoyera,
chitamba chokhota ndendende ngati changa chija.

Tinayang'anana mpaka mafuta anatha.
Chakum'bandakucha ndinamva belu la njinga panja,
ndi mawu otopa, aulemu:
"Madala, galimoto yopita ku Lifupa sidikira.
Mukadalipita?"

Ndinali nditavala kale nsapato imodzi.
Inayo ndinaigwira m'manja
nthawi yaitali.