Nkhalango ya pa Chikhadabo

Usiku uno mu labu ndatsala ndekha,
ine ndi ng'anjo ya galasi iyi,
ndi a Chakhaza kunja pageti
akulimbana ndi wailesi yakutha mabatire.

Munda wanga ndi kachibenthu ka silikoni
kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu.
Mbewu zake ndi fumbi la chitsulo
limene diso limakana kuti lilipo.
Sindithirira.
Ndimatsegulira mpweya wa kaboni,
moto ndiukweza mpaka chubu chifiire,
kenako ndikoka mpando, ndidikira.

Pa kompyuta kamzere kayamba kagona.
Kagonabe.
Ndiye kadzuka.
Kamera yosuzumira cham'mbali
ikundionetsa kamthunzi kakuda kakufufuma
ngati mtanda wa mandasi pansi pa nsalu.
Ndalemba m'buku: 11:42, zamera.

Kachubu kamodzi pakokha n'kaulesi.
Kamapindika, kamakwawa
ngati nyemba yosowa phesi.
Koma tikamera tothithikana, miyandamiyanda,
kalikonse kamasowa kogwera,
mnzake uku, mnzake uko,
monga ife m'minibasi ya ku Chinsapo madzulo,
basi tonse tiloza kumwamba.
Kuwongoka kwa nkhalango iyi si khalidwe ayi,
n'kusowa malo.

Atate ankanyamuka ku Dzalanyama
tambala asanalire,
matumba atatu a makala panjinga,
pamtunda wa ku Likuni n'kumakankha
malaya atamatirira kumsana.
Iwo ankatenga nkhalango n'kuisandutsa makala.
Fizi yanga ya fomu wanu inali mitengo ya mombo,
nsapato zanga zoyamba zinali msuku.
Lero ndatenga kaboni yemwe uja
ndikuti ndibweze nkhalango,
yotalika mamilimita awiri.
Ngongole imeneyi sindidzaimaliza.

Ndinawaonetsako tsiku lina Loweruka.
Anasuzumira m'kabokosi, napendeketsa mutu.
"Kuda kwanji kumeneku? Ngati dzenje."
Ndinati imameza kuwala kogwera pamenepo,
siibweza.
Chala chawo chinanyamuka.
Ndinachigwira chisanafike.
Anaseka mpaka kutsokomola:
"Kani nkhalango yakonso ili ndi alonda?"

12:15. Magetsi aphethira.
Ndaimirira osadziwa kuti ndaimirira.
Jenereta yakhosomola kawiri, yagwira.
Moto unatsika pang'ono chabe,
koma mitengo siiiwala.
Mawa pa maikulosikopu ndikapeza kamzera
pamene yonse inazengereza limodzi,
monga mphete yopyapyala ya chaka cha chilala
imene atate ankandilozera pachitsa.

Zimakula kuchokera kutsinde, izi.
Nsonga imene ndikuiona pamwamba
ndiyo inabadwa poyamba,
yangonyamulidwa ndi ana ake
osaidziwa n'komwe.

12:51. Kamzere kaleka kukwera.
Mpweya ulipo, moto ulipo,
ine ndilipo, maso ali gwa,
koma nkhalango yati basi.
Yonse, nthawi imodzi,
ngati msika wa ku Kawale mvula ikagunda.
A Dokotala Kamchedzera amati mbewu zimatopa,
zina zimamira m'nthaka yake,
zina zimaphatikana n'kunenepa n'kuiwala ntchito.
Ine ndimalemba nthawi yokha.
M'danga la "chifukwa" ndasiyamo mpata
miyezi isanu ndi umodzi tsopano.

Ndatseka mpweya. Ng'anjo ikuzizira mwaulemu wake,
siifulumizidwa.
Tiyi wa m'fulasiki wasanduka madzi.
A Chakhaza agogoda pawindo
kufunsa ngati ndili ndi tchaja yaing'ono.

Cha m'ma folo koloko
njinga zayamba kulira mumsewu,
tcheni chouma, matumba akuda,
ana a eni ake akukankhira m'tauni
nkhalango ina, yophikira lero lomwe.

Ndatulutsa yanga ndi kopanira.
Yaima, yosalala pamwamba ngati yometedwa,
mulibe mbalame, mulibe bowa,
mthunzi wake sungakwane nyerere ziwiri.
Dontho limodzi la madzi
lingaikhwinyate yonse.

Padenga la malata pagwa dontho loyamba la chaka.
A Chakhaza akuwa kunja, "Yabweratu!"
Ine ndatseka kabokosi msanga,
ndalemba nambala pachivindikiro,
47,
ndipo ndatuluka kukanyowa.