Usiku Woyamba mu Wodi ya Amuna

Buku linati: samba m'manja.
Ndasamba mpaka zikhato zatuwa
ngati fumbi la ku Chawama.

Sista Nkhuwa sachulutsa mawu.
Agwira zala zanga ziwiri,
aziika pamkono pa a Mangani:
"Werenga. Maso pa wotchi, osati pa ine."

Moyo wa munthu ukugogoda pansi pa khungu
ngati kondakitala pa chitseko cha minibasi.

Mtsempha wandizemba kawiri.
Ikunjenjemera ndi singano, kapena ine?
"Bayanso, mwananga," atero eni mkono,
"nanenso njerwa yanga yoyamba inapendama."

Dzina, mlingo, nthawi,
ndabwereza katatu ndisanatsegule botolo.

Kunja Lusaka akutsokomola, kukucha.
Zonse ndalemba.
Sista ayang'ana pepala, angoti:
"Nanga wawafunsa ngati agona?"