Bowo Loyamba

Ndinaigula Lolemba, ndi ndalama za miyezi isanu ndi iwiri
yotsuka mbale m'lesitilanti ya kudoko la Valparaíso.
Inkanunkhirabe vanishi ndi katoni.
Usiku woyamba ndinadzuka kawiri kukaiona.
Pofika Lachinayi ndinali nditayamba kuipezera zifukwa:
nsambo zatalikira khosi, zala zatuluka matuza,
zokungira zikuterereka, ukunga m'mawa masana zalefuka,
ndipo lamba alibe pokola.

Chikepe cha paphiri chinafa mwezi watha,
ndiye masitepe, zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi,
gitala kumsana ngati mwana wopita naye kusikelo.

A Nibaldo sanandipatse moni.
Moni anapatsa gitala:
go, go, pamimba ndi chala chapakati, khutu lili pompo,
kenaka kuisuzumira m'kamwa ndi kagalasi ka adokotala a mano.
"Thabwa ndi labwino," anatero,
"koma mkwatibwi uyu amuveka ndolo za pulasitiki."

M'chitini cha mabisiketi anatulutsa fupa,
la mwendo wa ng'ombe, lochokera kubutchala ya mayi Zoila,
lowiritsa kawiri, loyanika padenga chilimwe chonse
mpaka kuyera mbee.
Kwecha, kwecha, kwecha pa sandipepa,
fungo la tsitsi lopserera m'chipinda monse.
Kuyesa. Kuchotsa. Kupalanso pang'ono.
"Chimene wapala sichibwerera, Yasna,
n'chifukwa chake ndimachedwa."
Sitima ina inalira kunyanja, inachoka,
iwo akadali pa kafupa kosaposa chala changa.

Zokungira zatsopano zisanu ndi chimodzi, zozizira m'manja.
Kamsomali kamodzi kanagwa, kanabisala.
Tinakwawa tonse awiri pansi pa tebulo,
mphaka akutiyang'ana ngati wamkulu wa ntchito,
mpaka ndinakapeza m'mpendero wa buluku lawo.

Kawaya kotola mawu, kopyapyala ngati udzu,
anakagoneka kunsi kwa fupa,
mkono wonse m'mimba mwa gitala mpaka m'chigongono,
maso ali tsinzi, lilime lili pambali,
ngati wothandiza ng'ombe yovutika kubereka.

Kenaka anamata tepi kumatako kwa gitala,
nalemba kadontho ndi pensulo,
n'kundipatsa chobowolera.

Ndinakana.
Miyezi isanu ndi iwiri ya mafuta a nsomba m'zikhadabo,
ndibwere kudzaiboola ndekha?
"Ndikaboola ine, ikhalabe ya kusitolo.
Boola iwe."

Manja anali njenjenje.
Chitsulo chinaluma vanishi, thabwa linalira mokuwa,
utuchi wofiirira unagwera pa nsapato zanga,
kenaka pholo!
mphepo mbali inayo.
Ndinapeza kuti nthawi yonseyi sindinkapuma.

Bowolo linapendekera pang'ono kumanzere.
A Nibaldo analiona, ine ndinaliona.
Anamangapo chitsulo cha lamba, pomwe polowera waya wa sipika,
nachikunga gwa, osanena kanthu.

Nsambo zatsopano. Kukunga, kukoka, kukunganso.
Nditakhwatcha zonse pamodzi
mawu sanathamangire kufa monga kale:
anazungulira chipinda, anakhudza macheka pakhoma,
anakhalabe m'nthiti mwanga ndili potsika masitepe.

Loweruka m'basi yamagetsi ya mu Avenida Colón
dalaivala anaponda mabuleki modzidzimutsa.
Thumba la mapeyala linakhuthuka, agogo ena anatukwana,
ine ndinagwira chitsulo ndi manja onse awiri,
gitala n'kutsala lende pachifuwa,
pa bowo langa lopendekera lija.

Tizidutswa ta pulasitiki takale tili m'thumba la jekete
pamodzi ndi makobidi, sindikudziwa chifukwa chake.
Chala changa chakanise chikuphonyabe pamalo pomwe paja,
ndipo tsopano aliyense akumva bwinobwino,
mpaka wa kumpando wakumbuyo.
Ndinakawauza a Nibaldo.
Anavundula m'chitini chawo cha mabisiketi kwa kanthawi,
natseka.
"Sipeyala ya chimenecho ndilibe."