Masamba Otsala M'buku la Msonkho

Trapezunta, usiku wotsiriza.
Masamba khumi ndi anayi atsala m'buku la msonkho.
Mawa akatikweza zombo, akutero,
ife a padoko, ana athu, miphika yathu.
Zaka makumi atatu ndalemba zoona zokhazokha:
mitolo ya silika, migolo ya vinyo wakuda,
mtedza, sera, nsomba zamchere, mwini wake ndi tsiku lake.
Inki ikadalipo. Mafuta m'nyali akadalimo pang'ono.
Usiku uno ndilembako bodza.

Ndikulemba kuti mvula ya m'mapiri sinakate.
Inagumula njira, ngamila za adani zinaterereka
n'kugwera kuphompho ndi mizinga yomwe,
ndipo makiyi a chipata, amene ndinawaona ndi maso angawa
akuperekedwa pa mtsamiro wofiira,
anagona m'thumba la mlonda mpaka kunacha.

Tsamba lachiwiri: talanda Sinope.
Lachitatu: zombo zathu zawoloka Nyanja Yakuda,
amalonda a ku Kafa avula zipewa,
akhoma msonkho pa tebulo langa lomweli,
ili la mwendo umodzi waufupi.
Bodza likakoma silipuma.
Pofika lachisanu ndi chiwiri tili kuseri kwa mapiri,
mabelu akulira kumene kunalibe belu,
ndipo mdzukulu amene sanabadwe ndamutcha Anthimos,
ndamumangira nyumba ya mazenera agalasi.

Theodule wadzuka, wasuzumira paphewa panga.
Sadziwa kuwerenga, ndiye ndamuwerengera.
"Nanga buledi," akufunsa, "mu ufumu wanuwo ngwa zingati?
Nanga Sofronios wathu, watsikako pa linga paja?"

Ameneyo sindinamulembe.
Cholembera chinafika pa dzina lake n'kuuma.

Koma dzanja la kalaliki silitaya khalidwe.
Mzinda ukagwa pamafunika kaundula,
ndipo patsamba lakhumi ndangodzipeza ndikuwerenga anthu
pa doko la Sinope, pamzere, mutu ndi mutu:
Durmush, mbusa wa nkhosa, mkazi wake, ana atatu,
mphika umodzi, mphasa yopempherera,
akukwera chombo chathu, cha mtanda pa thanga.
Kuseri kwa khoma kalaliki wawo ali chikhalire,
nyali yake ikuthima ngati yangayi,
nayenso akulemba kuti mvula sinakate.

Ndatseka buku.
Madzi akatayika saoleka,
angakhale uwaolere m'chikho cha golide.

Masamba anayi otsalawo ndang'amba.
Limodzi Theodule wakulungira mchere,
lina singano ndi ulusi,
lina dothi la pamanda, lodzaza dzanja.
Lachinayi ndapinda, lili m'malaya, loyera,
sindikudziwa kuti n'la chiyani.

Tambala wa kwa wophika buledi walira kawiri.
Kudoko ayamba kale kuitana mayina
kuchokera m'buku la munthu wina.
Langa alitchula molakwika,
ndipo ine ndiyankha.