Dzenje la Pakhomo

Ku Recife mvula ya mu Juni sigogoda, imangolowa.
Ine ndinali m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya bambo
yokonzera njinga, fungo la girisi likukwera masitepe,
ndikumanga dziko
pa kompyuta yomwe achimwene a Valdemar anaisiya
popita kukafuna ntchito ku São Paulo.

Miyezi isanu ndi inayi, ngati pathupi.
Zilumba khumi ndi ziwiri, nyanja ya mafunde osatopa,
mzinda wa nyale zobiriwira,
ndi chinjoka chomwe sichinayendepo
poti ndinatopa ndisanachipatse miyendo.

Mitengo ndinkangotola yaulere, yopanga anthu ena,
osasuzumira m'kati mwake.
Umodzi unali ndi anankafumbwe:
timalamulo tobisika ta munthu wosadziwika
tomwe usiku wina tinadzuka
n'kudzaza mzinda wanga ndi nkhuku zofiira zikwi zitatu.
Ndinalira mpaka mamina. Ndinayambiranso.

Pachipata ndinaikapo mtengo wina, osati wa masamba,
wa ndalama:
lupanga lagolide, makobidi mazana anayi,
munthu asanaone n'komwe choti adule nalo.
Ndalama za tsiku langa lobadwa zonse
zinathera kulengeza dzina la gemuyo.

Lachisanu kunabwera anthu mazana asanu ndi limodzi.
Ndinkawawerenga mtima uli phaphapha.
Ambiri sanakwanitse mphindi imodzi.
Wina analemba: ndilowere kuti?
Wina: foni yanga yatentha ngati simbi.
Ndinawayankha mwamwano
kuti gemu yanga ndi ya anthu oganiza.
Loweruka tinatsala anayi,
wachinayiyo ndinali ine.

Lamlungu kunabwera Edilene, mwana wa azakhali,
wa zaka zisanu ndi ziwiri,
atanyamula foni ya amake yosweka galasi.
Apa m'pomwe ndinazindikira:
dziko langalo ndinali ndisanaliyesepo pa foni.
Ndinkalowamo ngati mwini, ndikuuluka,
njira zonse zili m'mutu.
Iye analowa ngati mlendo, wapansi.

Anaponda kamodzi, kawiri,
ndipo pomwe matabwa awiri sanakumane bwino
anagwa,
kupitirira zilumba,
kupitirira nyanja yomwe inandidyera mwezi wathunthu,
mpaka mumdima wopanda kanthu.

Manyazi anandigwira pakhosi. Ndinafuna kumulanda foniyo.
Koma mwanayo anaseka,
chiseko choonetsa dzino lake logwedera,
nati, bwerezanso!
Anagwa kakhumi n'kasanu.
Chinjoka changa sanafunse n'komwe.

Bambo, omwe anakwera kudzatenga sipanala,
anaima pakhomo akupukuta manja pa nsanza.
Ine njinga ndikaikonza, anatero,
sindiikhulupirira mpaka wina aikwere.
Anatsika osadikira yankho.

Usiku umenewo ndinagumula zilumba khumi ndi chimodzi.
Dzanja linkanjenjemera pa batani lililonse.
Lupanga ndinalichotsa pachipata.
Dzenje lokha ndinalisiya,
ndinalikulitsa,
ndinapachikamo maambulera oti munthu agwire akugwa,
zingwe, mabelu, nkhuku imodzi yofiira yachikumbutso.
Pamwamba pake ndinalemba liwu limodzi: dumpha.

Sindinalemere ayi.
Masiku a sukulu amalowa anthu makumi awiri, mwina atatu.
Pali mnyamata wina wa ku Manaus
yemwe amandilembera zolakwika zonse zomwe wapeza,
ndipo masiku ano ndimati zikomo
ngakhale mano ali gwa.

Chinjoka chija chikadalipo,
m'kafayilo komwe sindikatsegula.
Mwina chaka chamawa ndidzachipatsa miyendo iwiri yokha,
ndimuitane Edilene,
ndikhale kumbuyo kwake manja ali m'thumba,
pakamwa pali tseke,
ndione pomwe adzagwere.