Zigamba za ku Rochdale

Lachitatu lililonse, nditachezera kutembenuza okalamba,
ndimatsika basi maso ali psuu
n'kulowa m'holo ya tchalitchi yonunkha chinyontho ndi tiyi.
Tilipo asanu ndi awiri, magalasi pamphuno,
timalumikiza zigamba.

Mayi Delphine, a makolo a ku Jamaica,
ayala chofunda patebulo, nachisisita ngati msana wa khanda.
"Ili ndi gudumu la ngolo: longedza, ulendo wayandikira.
Awa ndi atsekwe: atsate, akulowera kumpoto.
Mzere wokhotakhotawu ukuti usalunjike, agalu ali m'mbuyo.
Akapolo ankayanika pampanda ngati akuthamangitsa nsikidzi,
wachikwapu n'kudutsa osawerengapo kanthu."

Bambo Entwistle, mphunzitsi wa mbiri yakale wopuma,
amene anagwira singano ataika mkazi wawo m'manda,
aphonya bowo kawiri, anyambita ulusi.
"Ndafufuza, mayi. Othawawo anasimba zambiri,
za nyenyezi, za madambo, za kubisala pansi pa udzu m'ngolo,
koma chofunda palibe anachitchula.
Nkhaniyi yabadwa dzana,
eni ake atagona kale."

"Chinsinsi chimalembedwa?"
"Womasulidwa amaulula, mayi."
Sizasi ikulira pakati pawo.

Ine duu.
Pazenera pali chumuni cha fakitale yakufa
imene inkameza thonje lothyoledwa ndi manja omwewo.
Umboni wa chimenecho suchita kufunsa:
njerwa zofiira, mulu pamwamba pa mulu.
Nanga a kwathu, otsikira ku Nkhotakota goli lili m'khosi,
ovala nyanda, opanda n'kansalu komwe,
ankatsinana khutu ndi chiyani?
Nthambi yothyola? Chifuwa chabodza?
Sindidziwa. Nanenso ndilibe buku.

Chimene ndikudziwa ndi Tinenenji.
Wa ku Ntcheu, wa zaka makumi awiri ndi zitatu,
anabwera ndi ndege, osati ndi goli,
koma pasipoti inagona m'kabati ya bwana,
foni imafufuzidwa madzulo,
malipiro amathera ku ngongole yosatha,
atsikana asanu chipinda chimodzi.
Anandinong'oneza tikuchapa nsalu za mikodzo:
"Anti, mukadzaona chitenje changa cha nkhanga
pazenera lam'mwamba,
ndiye kuti ndalimba mtima."

Masabata atatu ndinadutsa mumsewu umenewo
khosi lili m'mwamba ngati wosowa nzeru.
Katani yotuwa. Katani yotuwa. Mvumbi.
Kenako m'mawa wina wa chisanu cholasa mafupa,
nkhanga zili mbuu pagalasi,
mawangamawanga, zozondoka,
mtima wanga n'kugunda m'makutu.

Galimoto inali ya Mayi Delphine,
yokalamba, yotsokomola pachitunda.
Chipinda chinali cha Bambo Entwistle,
chimene sanachitsegule chimwalirire mayi a kunyumba.
Zamaofesi zinadza pambuyo, mafomu, mafunso, siginecha,
ndipo m'mapepala onsewo
mulibe nkhanga ngakhale imodzi.

Ndiye Lachitatu akayambanso kukangana
ine ndimangodula nsalu yanga.
Mwina abambowa akunena zoona:
zofunda za ku Amereka zinali zofunda chabe,
ndipo othawa anathawa ndi miyendo yawo, ndi nzeru zawo,
zimene sitiyenera kuziphimba ndi nthano yokoma.
Mwinanso amayiwa akulira china,
chakuti manja a akazi aja asaiwalike.
Singano yanga imalowa uku, n'kutulukira uko,
siinasankhe mbali.

Usiku woyamba uja
Tinenenji ankanjenjemera pakama wachilendo.
Bambo Entwistle anagogoda, atanyamula chofunda
cha timakona tobiriwira ndi tachikasu,
mizere yake yopotoka, ntchito ya wophunzira.
Mtsikana anachitembenuza, anachiyang'anitsitsa,
nafunsa: "Chimenechi chikutanthauza chiyani?"

Iwo anayang'ana pansi.
"Palibe, mwanawe.
Anali madiresi a mkazi wanga.
Funda."